Volovolo yanga yadzuka

Loweruka, kuno ku Mpanshya. Lero mtima wanga uli mbee!

Volovolo yakale ya apolisi ija ndinagula ku Lusaka yadzuka. Laisensi ndinaidikira mpaka kutopa, koma mfutiyo inafika ili dzimbiri lokhalokha, chigwiriro chong'aluka, kagudumu koikamo zipolopolo kosazungulira. Ba Lungu, mnansi wanga amene anapuma ntchito ya upolisi, anaseka mpaka kutsokomola. "Mwagula nyundo, ba Tembo. Muzikhomera misomali."

Milungu iwiri ndakhala ndikuipukuta mobisa ndi mafuta a makina osokera a mkazi wanga, amake Dalitso. Chigwiriro chatsopano anandisemera kalipentala wathu wa mabokosi a maliro, ndi thabwa la mukwa lotsala.

Masana ano ndinawapatsa ba Lungu, ilibe chipolopolo. Anazunguza kagudumu, kutchera khutu, kuzunguzanso. Kuseka konse kuja zii. "Yanga ya ku ntchito sinkayenda bwino chonchi," anatero chapansipansi.

"Bweretsani," ndinawayankha, "ndikufuna kukhoma msomali."

Akuba amene amatibera mbuzi kuno amve ndithu. Koma amake Dalitso apeza botolo lawo la mafuta lilibe kanthu, ndipo akundiitana ndi dzina langa la ubatizo…