Lameki wadula mkuyu wa pa siteji

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kapelula tilipo, kungoti miyendo ya amayi ikutupabe.

Ndikulemba mtima ukuwawa. Mng'ono wanu Lameki wadula mkuyu wathu uja wa pa siteji, patsogolo pa okala ya amayi, ati akufuna nkhuni zowotchera fodya. Nditamufunsa, anandiyankha mwachipongwe kuti, "Achemwali, minibasi imaima pamsewu, siima mumtengo."

Ndinamufotokozera modekha zomwe munkatiuza za masiteshoni a sitima kumeneko, kuti malonda amamera pamene anthu amadikirira ulendo. Ndani angadikire padzuwa? Apaulendo asamukira pamthunzi wa mango kutsidya kwa mlatho, maminibasi awatsatira, akabaza nawonso. Dzulo mandasi a amayi anatsala onse, mpaka anangogawira adzukulu. Fodya wa chaka chimodzi walanda amayi chakudya chawo.

Lameki amamvera inu nokha. Chonde muimbireni, mumuuze amange chisakasa ndi mabenchi pasitejipo mvula isanagwe. Asakunamizeni kuti sangathe, zigafa amamanga yekha. Anthu akazolowera pamango paja, sadzabwereranso.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati