Uta wakonda Fesitoni

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ine ndili gwa, kupatula mkono.

Ine ndi msuweni wathu Fesitoni tayamba kuphunzira uta kwa mzungu wina wa m'tauni ya Markham kuno kunja, mlenje wa agwape. Ndinamuuza kuti kwathu mpheta zimandidziwa, ndiye ndinakoka nsinga motsina ngati legeni. Inandipulumuka n'kundikwapula pamkono, muvi n'kugwera paphazi panga! Koma Fesitoni, yemwe uja amathawa nkhuku ikamaphedwa, akungolasa pakatikati pa chandamale. M'galimoto yopita kuuzimba munatsala malo amodzi, mzunguyo wasankha iyeyo. Ine akuti ndiyambe ndalasa mtolo wa udzu.

Chonde, Fesitoni akatumiza chithunzi atagwira gwape, chibwenzi changa Nabanda asachione. Mumuuze kuti uzimbawo ndinachita kuukana ndekha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Laisoni