Zimene Ndinaona Ndili Pamwamba pa Chigudumu

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana onse. Kodi msana uja unasiya kukuvuta, kapena ukudzukabe mogwira khoma? Ine kuno ndili bwino, adzukulu ali bwino, kuzizira kokha ndiko sikundipatsa mpata.

Udabwa kuti ndalemberanji kalata pamene foni ndili nayo. Foniyo anandigulira ndi mpongozi, manambala otsegulira anaika ndi iye yemwe, ndipo makoma a nyumba zakuno ndi opyapyala, ukatsokomola kuchipinda amakupepesa ali kukhitchini. Nkhaniyi ndi ya iwe wekha. Uwerenge utakhala pansi.

Ukudziwa kuti mwana wathu anandiitana kuti ndidzathandize kulera ana, poti iye ndi mkazi wake onse ali pantchito. Koma masabata apitawa ndinayamba kuona kuti m'nyumba muno mukununkha kanthu. Ndikalowa pabalaza nkhani inkathera m'malere. Mpongozi ankayankhira foni m'bafa atatsegula mpopi. Tsiku lina ndinamumva ndi makutu angawa akuti amayi sangakwanitse zimenezi.

Apo ndinakumbuka kuti mlendo ndi mame. Ndinati basi, aona kuti ndakalamba, apeza mtsikana wolera ana, ine andikweza ndege ndizipita kwathu. Zinandiwawa, mng'ono wanga, chifukwa ana awiriwa ndawazolowera, makamaka kamtsikana kaja timakatcha Kafupi.

Ndiye Loweruka lapitali anati tonse tipite kumalo amasewera, kuja kumakhala akatungwe amagetsi ndi masitima othamanga panjanji za m'mwamba. Iwe ukumudziwa mwana wathu, kuyambira ali wamng'ono sakonda phokoso. Lero chamulowa n'chiyani? Ndinadziwiratu kuti ulendowu ndi mayeso. Akufuna andiyendetse mpaka ndigwe, kuti pondiuza zobwerera ndisowe chotsutsira.

Tinanyamuka mamawa. Munthu amene salola wina aliyense kugwira chiwongolero cha galimoto yake anapereka makiyi kwa mkazi wake, iye n'kudzakhala kumbuyo pafupi nane. Ndinati wabwera kudzaona ngati ndiwodzere. Maso ndinawatong'ola njira yonse, ngakhale tulo tinkandikoka.

Pageti anatimanga tizibangili tapepala pamkono ngati makanda akuchipatala. Tisanapite patali mpongozi analoza kanyumba kobwereketsa zikuku, nati malowa ndi aakulu kwambiri, kuli bwino titenge chimodzi kuti wotopa azikhalapo. Anati wotopa, koma tonse tikudziwa nkhalamba inali ndani. Ndinamuyankha mwaulemu kuti miyendo yanga sinandidandaulirepo, ndipo ndinagwira dzanja la Kafupi n'kutsogola.

Malowo sindingathe kukufotokozera bwino. Anthu ali yakaliyakali, nyimbo zosiyanasiyana zikulira nthawi imodzi, paliponse fungo la mafuta okazingira ndi shuga wopserera. Anthu akuluakulu avala zimbalangondo zansalu, akugwira ana chanza, dzuwa lili phwee. Chilichonse n'cha pamzere, ndipo mizere yake ndi yokhotakhota pakati pa zitsulo ngati ng'ombe zopita kudibi. Umaima mpaka mawondo kuuma, kuti ukwere chinthu chimene chimatha usanamalize n'kukuwa komwe.

Tikangofika pabenchi, mwana wathu ankati tikhale pang'ono, amayi apume. Ine ndinkati apume ndani? Ndinkawonjezera liwiro. Nsapato zinali zitanditupitsa matuza kuchidendene, koma ndinkamwetulira ngati mkwatibwi. Pena ndinkacheuka n'kuwauza kuti achinyamata inu fulumirani, mwatsalira bwanji. Mpongozi ankandiyang'ana ndi diso loipa, ine mumtima n'kumati walemba m'madzi.

Ndinakweranso ngakhale sitima ya m'mwamba ija, ine ndi mdzukulu wamkulu. Kafupi anamubweza chifukwa mutu wake sunafike pamzere wa thabwa loyezera msinkhu, ndipo bambo ake anafulumira kunena kuti atsala naye kuti amutonthoze. Mng'ono wanga, usadzayerekeze. Chinthucho chimakwera pang'onopang'ono ngati chaulemu, kenako chimakuponya pansi, matumbo n'kutsalira kumwamba. Ndinaitana malemu amayi athu mokweza. Koma potsika ndinakonza duku, n'kuwauza kuti zinali zokoma.

Masana tinagula chakudya. Mwana wathu anangotola pang'ono n'kukankhira mbale kwa ana. Ndinati chikumbumtima chamugwira pakhosi, akudziwa zimene akufuna kuwachita amayi ake. Awiriwo ankanong'onezana, mkazi akuloza wotchi, mwamuna akupukusa mutu. Ndinamva mawu amodzi okha, akuti ana asangalale kaye.

Dzuwa litapendeka tinafika pachigudumu chachikulu chokhala ndi timabokosi tokhalamo anthu, chimene chimazungulira pang'onopang'ono mpaka uone mzinda wonse. Anati agogo akwere ndi ana, iwo adikira pansi. Ndinavomera msanga, koma ndi cholinga changa. Ndinati ndikakhala pamwamba ndiwaona bwino akundipangira upo.

Ana ankaloza nyumba zazitali ndi magalimoto ooneka ngati nyerere. Ine maso anali pabenchi pomwe tinawasiya. Ndinamuona mwana wathu akutibayibitsa, akuseka. Titakwera ndithu, poganiza kuti sitikumuonanso, dzanja lija linagwa. Anapinda msana, mutu n'kufika m'mawondo, dzanja lina litagwira pachifuwa. Mkazi wake anagwada patsogolo pake, anamumasula mabatani a malaya, anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kumuika kanthu m'kamwa. Kenako anayamba kumukupiza ndi chipewa cha Kafupi.

Nthawi yomweyo chigudumu chinaima kuti ena akwere, ife tili pamwamba penipeni. Ndinagwedeza kachitseko, kali kokhoma. Mwana wanga ali pansi apo akulimbana ndi mpweya, ine ndili m'bokosi m'mwamba, ndipo sindikanatha ngakhale kukuwa chifukwa cha ana. Kafupi anandifunsa kuti agogo mukulira chiyani. Ndinati ndi mphepo.

Mabenchi onse aja anandibwerera m'mutu, ndi chikuku chija, ndi makiyi agalimoto. Wofuna kupuma sanali ine. Ankabisala kumbuyo kwa ukalamba wanga kuti ana asaone kuti bambo awo akulephera kuyenda, ine n'kumamuthamangitsa tsiku lonse padzuwa, n'kumamunyoza kuti watsalira.

Titatsika tinamupeza ataimirira, malaya atamanga, akumwetulira, koma milomo itatuwa. Anandifunsa ngati ndasangalala. Ndinakhala pabenchi n'kuvula nsapato pamaso pa anthu onse.

"Ndatopa, mwana wanga. Apa sindisunthanso. Ana apite ndi amayi awo, iwe ukhale nane."

Anakhala. Ndinkangomvetsera mmene akupumira, uku ndikunamizira kusisita mapazi.

M'mawa mwake, iye akugonabe, ndinamupeza mpongozi kukhitchini akutsuka makapu. Ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti ndinaona zonse ndili pamwamba, asandiphimbenso m'maso. Anayamba wakana, kenako anakhala pampando n'kulira. Anati mwamuna wake akudwala mtima, madokotala akufuna kumuchita opaleshoni mwezi wamawa, ndipo chondiitanira kuno n'chimenecho, kuti ana adzakhale ndi munthu wawo iye akamadzagona kuchipatala kudikirira wodwala. Anati mwamuna wake anamulumbiritsa kuti asandiuze, poti amayi sangakwanitse kumva zimenezi. Za ulendo uja anati iye anakana, koma mwamuna anaumirira.

"Anati akufuna ana adzakumbukire tsiku limodzi limene bambo awo anawatengera kosangalala."

Ndinamufunsa kuti adzakumbukire bwanji, kodi bambo awo akupita kuti? Anadzuka pampando. Anatembenukira kusinki n'kuyambanso kutsuka kapu yotsukatsuka kale.

Pamenepo ndi pamene mtima wanga sukukhazikika. Ndikuona kuti andiuza theka, theka lina asunga. Ndikamufunsa mpongozi zomwe madokotala ananena kwenikweni, amangoti zikhala bwino, maso ali kumbali. Mwina ndikumuganizira molakwa monga ndinachitira poyamba. Koma poyambapo sindinalakwe kuti akubisa kanthu, ndinangolakwa kuti kanthuko n'kotani.

Mwana wathu sakudziwa kuti ndikudziwa, ndipo ndamulonjeza mpongozi kuti zikhala choncho mpaka adzandiuze yekha. Tsopano ndine nkhalamba yeniyeni. Tikapita kusitolo ndimayenda ngati kamba, ndimapempha kupuma pakona iliyonse, ndimamuuza kuti andigwire mkono pokwera masitepe, koma wonyamula mnzake ndi ine. Iye amandiseka kuti masewera aja anandithyola.

Ndiye pempho langa ndi ili. Upite wekha kwa alamu ako, bambo ake a mwana wathuyu, usatume mwana, usayimbe foni. Udikire adye kaye, amwe mankhwala awo, kenako uwauze pang'onopang'ono monga umadziwira iwe. Uwauze kuti sindibwera mwezi umene tinapangana, ndipo sindikudziwa kuti ndidzabwera liti. Akafuna kuyimba kuno uwaletse, chifukwa iwo sadziwa kubisa mawu, mwana adzangomva kamodzi n'kuzindikira. Ndipo nonse mumupempherere, koma musakatchule dzina lake pagulu, poti nkhani ikafika m'makutu mwa azakhali ake ifika kuno kalatayi isanazizire.

Undiperekere moni kwa bambo akunyumba, kwa ana onse, ndi kwa achimwene athu. Mulungu akusungeni, ndipo akupatse mawu abwino pokalankhula ndi alamu ako.

Ukadzandiyimbira usadzafunse za iye. Udzafunse za miyendo yanga, mokweza ndithu kuti amve, ine ndidzadandaula kwambiri. Ndikadzati lero yatupa, udzadziwe kuti mwana wathu sanadzuke bwino.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Agogo ake a Kafupi