Bango la Msinkhu wa Adada

Kambombo, Chama
14 Ogasiti 1996

Wokondedwa mlongo wanga Friday,

Pepala lako lochokera ku yunivesite ku Lusaka lafika. Ndaona thupi la Adada mmene kompyuta yalijambulira m'timabokosi, ndi mizere yosonyeza modutsa mphamvu ya magetsi munthu akaima pansi pa mawaya akuluakulu. Wagwira ntchito, ngakhale mimba wawawonjezera. Koma sindinawaonetse, ndipo chifukwa chake ndakhala ndikukubisira.

Unandipempha miyeso ya mlimi woyenda wopanda nsapato, poti ya m'mabuku mwanu ndi ya azungu. Ndinasankha Adada. Msana wawo ukuudziwa, saima mowongoka, choncho ndinawagoneka chagada pamphasa. Tepi yoyezera ya kuchipatala kwathu anzanga anali atapita nayo kusikelo ya ana, ndiye ine ndi unamwino wangawu ndinadula bango lofanana ndi msinkhu wawo kuti ndikaliyeze mawa lake. Friday, ndinabadwira konkuno, maliro ndaona ambiri, koma sindinakumbukire kuti bango lotero amadulira womwalira pokakumba manda.

Atete a Eneless, alongo awo a Adada, anatipeza ndili chigwirire bangolo, nagwira pakamwa. Adada anadzuka pang'onopang'ono n'kundifunsa kuti, "Manje mwanipima, bokosi lizabwela liti?"

Ine ndinaseka. Kusekako n'kumene kumandiwawa mpaka lero. Ndikanagwada pomwepo n'kupepesa, bwenzi zitatha. M'malo mwake ndinayamba kuwalongosolera za kompyuta, iwo n'kungomva kuti ana awo awiri agwirizana zotumiza msinkhu wawo kutali.

Kuyambira tsikulo sakulandira mankhwala a mtima ochokera m'manja mwanga. Anasamukira kwa Atete ku Tembwe, miyezi inayi tsopano. Ndapalasa njinga kasanu kukawaona, amanditembenukira kukhoma. Miyendo yawo yatupa, ndipo monga namwino ndikudziwa kumene zikulowera. Ndili ndi mantha.

Chonde bwera msanga. Iwe sunagwire bango, mwina mapilitsi angalandire kwa iwe. Kompyutayo siithawa. Pepala lija usabwere ndi lina, timabokosi timeneti tingangowonjezera moto.

Amama akuti uzivala juzi, amva kuti ku Lusaka kukuzizirabe. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Moni wa Adada umene wakhala ukuwerenga m'makalata atatu apitawa ndinkangolemba ndekha. Lero sindiulemba.

Ndine mlongo wako,
Damaris