Tinadya Giboshi wa Bambo

12 Epulo
Chipale chofewa chasungunuka kuseri kwa nyumba. Pansi pa mikungudza matope okhaokha. Timatabwa tomwe bambo, amuna anga, analembapo maina a giboshi wawo, zomera zija za masamba otambalala, tagwa tonse, tina tathyoka, zilembo zafufutika. Ndine ndinaponyera pamenepo chipale cha padenga mu Januwale. Akanandiletsa ndani? Eni ake ali gone kunyumba yosamalira okalamba ku Shinjo chiwagwirireni sitiroko.

Zitsa makumi anayi. Zina zodya, zina zongoonera. Pakati pake pali chimodzi cha masamba a mzere wachikasu, chomwe anafesa okha zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Dzina sanachipatsebe, ati mzerewo uyambe wakhazikika. Ine zaka zonsezi kumangowaseka: "A Kiichi, munthu wamkulu kugwadira ndiwo!" Lero wogwada ndine, chitsa chake osachidziwa n'komwe.

17 Epulo
Ku Shinjo pa basi. Sakudya. Phala masipuni awiri, basi. Adokotala sanabise, nyengo yotentha mwina aiona, mwina ayi. Ndawauza bambo kuti wa mzere uja akangotambasula masamba ndibwera naye mu mphika. Anandifinya chala ndi dzanja lamanzere. Ndalonjeza chinthu chomwe sindidziwa pomwe chili. Ndikuopa.

23 Epulo
Mphukira zatuluka, zosongoka ngati mapensulo, zonse zofanana. A Umeno a kutsidya kwa msewu anabwera kudzasuzumira. "Iwe Tokie, zaka makumi asanu pabanja, osadziwa pomwe chibwenzi cha mwamuna wako chimagona?" Ati ndidikire sabata ziwiri, masamba adzanena okha. Kudikira ine ndingathe. Nanga iwo?

29 Epulo
Tchuthi. Mwana wanga Takuma wabwera ndi mkazi wake Chisato. Mwana wa m'tauni, wofunitsitsa kundisangalatsa mpaka kutopetsa. Ndinapita kukasesa kumanda a makolo. Pobwera, mbale ya urui patebulo, mphukira za giboshi zowiritsa, zothira viniga ndi miso, chiponde cha soya chamchere chija. "Amayi, ndathyola kuseriku, paja bambo amazikonda." Zokoma ndithu. Sindinafunse kanthu.

30 Epulo
Zotsala tawatengera bambo. Adya! Mbale yonse mbee, mpaka kuloza kuti tiwonjezere. Anamwino kuwomba m'manja. Chisato misozi. Inenso.

2 Meyi
Mphukira imodzi Chisato anaiika m'tambula ya madzi pawindo, yokongoletsa. M'mawa uno yatambasuka. Mzere wachikasu pakati, woonekera bwinobwino.

Ndinamutengera kuseri kuti andionetse pomwe anadula. Pafupi ndi mwala wandere. Mphukira zisanu, zonse mpaka pansi. Ati anasankha zonenepa.

Ndamulankhula mawu oipa. Sindiwalemba muno. Anagwada pamatopepo, mphumi pansi, osadzuka. Takuma anangoima, manja m'thumba, atate ake enieni.

Chitsa ndachidziwa tsopano. Masamba ake ali m'mimba mwathu.

5 Meyi
Ana apita. Chisato sanadye kanthu m'mawa, ndipo ine sindinamukakamize. Nyumba itati zii m'pamene manyazi anandigwira. Kunena zoona, m'chigwa chonse chino ndani angaone urui wonenepa n'kumulambalala? Timatabwa anagwetsa ndine. Mbale ija ndinabwereza kawiri.

8 Meyi
Ndaulula. Njira yonse pa basi ndinkakonza mawu, kufika pabedi onse balala. Ndinangoti, "Bambo, wa mzere uja ndi amene munadya tsiku lija."

Mapewa kugwedezeka. Ndimati akulira. Kuseka! Ndi pakamwa popotoka paja, mpaka kutsokomola, anamwino kuthamanga. Kenako liwu, loyamba chiwagwirireni sitiroko: "Chitsa?" Ndati chitsa chilipo, chimenecho sitinadye. Anatsinzina ngati munthu wakhuta.

20 Meyi
Chaphukanso. Mphukira zitatu, zoonda. Ziwiri zobiriwira zokhazokha, yachitatu sinatseguke. A Umeno ati zobiriwirazo ndizichotse ndi mizu yomwe, zikakula zimapondereza wa mzere, chitsa chonse n'kubwerera kuchikale. "Dula mwana iwe, usachite manyazi, paja kwanu n'kwa akatswiri odula." Pakamwa pa mayi ameneyu. Ndadula. Yatsala imodzi. Phulusa kuzungulira, kuopa nkhono.

Ku Shinjo ati tsopano ndi madzi okha.

26 Meyi
Latseguka. Tsamba limodzi, laling'ono ngati chikhatho cha khanda. Mzere ulipo.

Ndamuimbira Chisato wina aliyense asanamve. Anangoti, "Amayi," basi kulira. Ndamuuza kuti asiye zimenezo, abwere ndi galimoto mawa, mphika ndi wolemera ndipo msana wanga ndi wakale. Kupepesa sindinapepese. Ndimupepesa pamaso.

27 Meyi
Aliona. Chisato ndiye ananyamula mphika mpaka pabedi. Bambo analisisita tsambalo ndi chala nthawi yaitali, kutsata mzere kuchokera pansi mpaka kunsonga. Ndinali nditatenga kathabwa katsopano ndi cholembera, mwina mwake. Analoza. Dzanja lamanzere, zilembo zokhotakhota, thukuta pamphumi. Magalasi ndinaiwala kunyumba, ndiye anawerenga ndi Chisato: "Ndiwo za Tokie."

Zaka zisanu ndi zinayi kusunga dzina, kuti adzandibwezere chipongwe changa. Nkhalamba yamwano. Ndinawagwira dzanja mpaka nthawi yoona odwala inatha.

14 Juni
Mvula. Obwera kudzapepesa maliro a bambo atha. Wa mzere uja ndamubwezera pamalo pake pafupi ndi mwala. Kathabwa ndakakhomera pansungwi yaitali kundiposa, chipale chichite zomwe chingathe. Chisato ati azibwera mwezi uliwonse ndimuphunzitse zodya ndi zosadya, ngati kuti ine ndikuzidziwa.

Nkhono zinayi lero. Tsamba lachiwiri likubwera, likadali lopindika, koma ndikaliyang'ana chakudzuwa chikasu chikuoneka. Loweruka ndikawauze bambo kuti... Ndaiwala, ku Shinjo kulibenso wokamuuza.