Dzuwa Likuchedwa Kulowa, Ana Sakubwera Kudzadya

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse kuno. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija lasiya kutupa? Mlongo wanga akuti mapiritsi mukumwa pokhapokha likayamba kupweteka. Adokotala ananena kuti tsiku lililonse, ndipo papepala la m'kabokosi analemba zomwezo. Chonde tsatirani. Ife tonse asanu tili bwino m'thupi, palibe wodwala.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, inenso ndimakudulani. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya mlongo wanga. Muiwerenge yonse Lamulungu lisanafike, chifukwa tsiku limenelo mkamwini wanu akuimbirani, ndipo ndikufuna mudziwiretu chimene akufuna.

Kuno kutsidya kwa nyanja ndi chilimwe, ndipo papita masabata atatu chitsekereni sukulu. M'mawa ndimasiya ana pa holo ina pamene amasunga ana nthawi ya tchuthi, ine n'kupitirira ku labotale kumene ndimayeza madzi akumwa. Ikakwana 3 koloko, Loya, mdzukulu wanu wachisamba uja, amatenga azing'ono ake awiri kupita nawo pabwalo losewerera kuseri kwa nyumba yathu. Pamenepo pamakhala namwino wina wopuma pantchito, amene amayang'anira ana a m'nyumba zonsezi ali pamthunzi. Ine ndimafika cha m'ma 5.

Bambo a ana anawaika shifiti yamadzulo ku mabasi. Amachoka 7 koloko, amabwera tonse tili m'tulo, ndipo ife timanyamuka iwo asanadzuke. Masana amakaphunzira, kuti akakhoza awasinthire ku mabasi a masana, ndiye amalowa m'nyumba 6 koloko ili pafupi. Mukawerengera muona kuti kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi imene tonse asanu tingakhale m'chipinda chimodzi ndi ola limodzi lokha, la chakudya chamadzulo.

Ola limenelo ndinalikonzekera bwino. Pachitseko cha filiji ndinamatapo ndandanda. Lolemba mpunga ndi nyemba, nyembazo ndimawiritsiratu Lamulungu. Lachiwiri supageti, chifukwa ndi tsiku losambira ndipo ana amabwerako ndi njala yoti angadye ndi mbale yomwe. Lachitatu inali nkhuku ya mu uvuni, koma uvuni ukayaka khitchini yathu imatentha moti munthu sungaimemo, ndiye tsopano ndimaikazinga papani. Lachinayi mazira, buledi ndi tomato. Lachisanu timamaliza zotsala. Anyezi ndimaduliratu wa sabata yonse. Chakudya chilichonse ndinachiyesa ndi wotchi, palibe chopitirira mphindi makumi atatu. Ndandanda ilibe vuto. Vuto lili ndi odya.

Mukukumbukira zimene munawauza ana tsiku lonyamuka? Munawaimika pamzere n'kuwauza kuti kulikonse kumene akupita azisewera mmene angafunire, koma dzuwa likamalowa akhale ali m'nyumba. Ndi lamulo lomwe munatilera nalo ifenso, ndipo kwathuko limagwira ntchito chifukwa dzuwa limalowa cha m'ma 6 chaka chonse. Palibe wa ife amene anaganiza zotchula ola. Tinafika kuno nthawi yozizira, mdima ukugwa 4 koloko, ana n'kumathamangira m'nyumba okha. Ine ndinkanyadira kwa anzanga kuti ana anga ndi omvera. Lero dzuwa lomwelo likulowa 9 koloko itadutsa, ndipo ana anu akumverabe.

Ndinayesa kuwafotokozera. Ndinatenga lalanje ndi tochi, ndinatseka makatani, n'kuwaonetsa mmene dziko limapendekera pozungulira dzuwa. Goloboyi, wachiwiri uja, anafunsa ngati lalanjelo lidyedwa tikamaliza. Loya yekha ndi amene anamvetsa, ndipo kumvetsako kunandibwerera ine. Anati ngati kupendekako n'kwa dziko, ndiye mlandu si wa ana. Ndinamuuza kuti agogo ankatanthauza 6 koloko. Iye anati lamulo la agogo ndi lalikulu kuposa la amayi, pakuti amayi nawonso ndi mwana wa agogo, ndipo ngati lasintha anene okha eni ake, chifukwa nkhani za akuti-akuti khoti sililandira. Dzina lija munamupatsa ndinu, musadandaule.

Ndinamugulira Goloboyi wotchi yapamkono. Amaivula akamalowa pagolo kuti ingasweke, n'kuiika m'nsapato ya mnzake. Choncho tsiku lililonse ndimazimitsa sitovu n'kutsika masitepe a nyumba zinayi zosanjikizana kukawaitana. Loya amapezeka msanga koma amayamba kutsutsa. Goloboyi amati mpira watsala pang'ono kutha, ndipo mpira wa ana suutha. Mzime amakhala ali mumchenga, wonyowa ndi madzi a pampope, nsapato imodzi sikuoneka. Pamene tikukwera, kusamba m'manja ndi kukangana za mipando, bambo awo amakhala atadya okha, akumanga zingwe za nsapato pakhomo.

Ndakhala ndikulemba pakalendala. Pa madzulo khumi ndi asanu, takhala pansi tonse asanu katatu. Kawiri mwa katatuko kunkagwa mvula.

Loweruka lapitali bambo a ana anali pa tchuthi. Titamaliza kudya masana, Mzime anawakwera pamwendo, anawagwira ndevu, n'kuwafunsa mwaulemu ndithu kuti, “Kodi lero mugona konkuno, kapena mupita kwanu?” Akuluakulu awiriwo anaseka mpaka kugwa pampando. Bambo awo anasekako pang'ono, kenako analowa kuchipinda.

Madzulo ake anandiuza maganizo awo. Akuti sanabwere kuno kudzakhala mlendo m'nyumba mwawo. Akuti ngati ana akukula osaona bambo, kuli bwino akakulire kwa inu, kumene kuli amalume awo ndi azisuweni awo, kusiyana n'kuleredwa ndi namwino wa pabwalo. Akufuna ana abwere kwanu sukulu zisanatsekulidwe, akaphunzire konko chaka chimodzi, ife tikhazikike kaye. Ndinawafunsa kuti kodi ana akakhala kutsidya kwa nyanja ndiye aziwaona kwambiri? Anayankha kuti kusaona mwana amene ali kutali kumapiririka, koma kusaona mwana amene akugona kuseri kwa khoma lako n'kumene kukuwadya.

Lachitatu ndinayesa njira ina. Ndinaganiza kuti kusuntha poto mmodzi n'kosavuta kuposa kusuntha ana atatu. Ndinaika nkhuku ndi mbatata m'mabakuli, ndinatenga nsalu yoyala ndi botolo la madzi osamba m'manja, n'kuwauza bambo a ana kuti lero tikadyera pabwalo. Anatsika atavala kale yunifolomu, akung'ung'udza kuti anthu atiyesa osamuka.

Ana athu anabwera osaitanidwa kawiri. Pambuyo pawo panabwera timu yonse ya Goloboyi, n'kuima chapatali pang'ono, maso ali pabakuli. Mkamwini wanu mukumudziwa. Sangaike chakudya pakamwa mwana ataima pamaso pake. Anawakodola onse kuti tiyeni tidye. Kwathu mwana woleredwa bwino amayamba wakana, ndipo mwina awiri okha ndiwo amasendera. Ana a kuno sadziwa zokana. Anakhala pansi asanu ndi anayi. Ine ndinali nditawerengera nthuli zisanu ndi ziwiri.

Ndinawanong'oneza bambo a ana kuti akupita kukagwira ntchito usiku wonse, asunge nthuli yawo. Anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, n'kupitiriza kung'amba nkhuku ija timaduka ting'onoting'ono. Kenako mayi wina anabwera akuthamanga kudzafunsa zimene ndinathira m'chakudya, chifukwa mwana wake akadya mtedza amatupa pakhosi. Mwamwayi munalibe mtedza. Mayiyo analankhula mwaulemu, komabe anatipempha kuti tsiku lina tiziyamba tafunsa makolo. Ananena zoona.

Bambo a ana anadya mbatata ziwiri basi. Koma Amayi, anaseka tsiku limenelo. Mzime anakhala pamwendo pawo nthawi yonse atavala chipewa chawo cha kuntchito, akuuza anzake kuti awa ndi ake. Goloboyi anawakokera pagolo, ndipo munthu wamkulu ndi yunifolomu yake anamwetsedwa chigoli ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera basi ndikuganiza kuti nkhani yatha. Tili m'njira anati zinali zabwino, koma ndi za tsiku limodzi, munthu wokhala ndi nyumba sangamadyere pansi tsiku lililonse ngati ali paulendo. Anati Lamulungu aimbabe.

Tsopano ndikuuzeni mmene ine ndikuonera, popanda kukometsa. Dzuwa layamba kale kubwerera. Ndimayang'ana nthawi yake tsiku lililonse, ndipo likufulumira kulowa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri patsiku. Pakatha miyezi itatu lidzakhala likulowa nthawi ya kwathu. Maphunziro a bambo a ana akuthanso nthawi yomweyo. Vuto lathu lili ndi tsiku lothera. Kutumiza ana kulibe tsiku lothera. Ndikudziwa mabanja anayi amene anatumiza ana kwawo ponena kuti ndi chaka chimodzi. Limodzi lokha ndi limene linakawatenga pa nthawi yake. Mnzanga wa kuntchito mwana wake anapita ali ndi zaka zisanu ngati Mzime, pano ali ndi khumi ndi chimodzi, ndipo pa foni amayankha mayi ake kuti inde kapena ayi basi.

Zonsezi ndawauza bambo a ana. Akuti ine ndimayeza banja ngati madzi a m'botolo. Mwina n'zoona. Loya nayenso anandiponyera lake dzulo, nditamuonetsa kalendala ija. Anati masiku atatu amene ndinachonga aja ndichotsepo awiri, chifukwa ine ndinadya chiimire pasinki ndikutsuka mapoto. Ndinafuna kumukalipira, koma nditakumbukira bwino ndinapeza kuti sakunama. Ndafufuta. Latsala tsiku limodzi.

Sindikugona bwino. Kuwala kumalowa m'makatani 5 koloko isanakwane, ndipo ndimadzuka n'kuyamba kusinthasintha ndandanda m'mutu, ngati kuti kuika mazira Lachiwiri m'malo mwa Lachinayi kungasinthe kanthu. Kuntchito ndinayeza botolo limodzi kawiri sabata ino chifukwa sindinakumbuke ngati ndinali nditaliyeza kale.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu mkamwini wanu akaimba, musamuyankhe msanga. Muyambe mwaitanitsa ana onse atatu pa foni, bambo awo akumva, ndipo musinthe lamulo lanu ndi pakamwa panu. Muwauze kuti za dzuwa zija zatha, kuyambira Lolemba 6 koloko izikwana ali pampando, m'manja mosamba. Mutchule ola, Amayi, musanene kuti madzulo kapena nthawi yabwino, chifukwa Loya apezapo polowera. Kenako mumuuze mkamwini wanu kuti yankho lake mumupatsa pakatha masabata awiri a lamulo latsopanoli. Iye sangakutsutseni. Ine akhoza kunditsutsa mpaka mawa, koma kwa inu amangoti chabwino amayi. Ngati pa madzulo khumi amenewo tikhala pansi tonse kasanu ndi kawiri, ndikukhulupirira kuti nkhani yotumiza ana aisiya yekha. Ine mapoto azidikira.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Mlongo wanga anandiuza kuti nkhaniyi inakufikani kale kudzera kwa alamu anga, ndipo mwatulutsa makina osokera m'chipinda chathu chakale n'kuyanika matiresi. Simunandiuze, ndipo sindikukudandaulani. Nyumba imene munkaphikira anthu asanu ndi atatu mukudyamo nokha, ndipo ine ndikubwera kudzakupemphani kuti mukankhe ndi dzanja lanu chinthu chimene mukuchifuna. Ndafufuza njira ina yoti isadutse pa inu, sindinaipeze.

Mundiperekere moni kwa mlongo wanga ndi akazi ake, muwauze kuti zithunzi za khanda tinaziona, mphuno ndi ya kwathu. Moni kwa azakhali, kwa amalume aang'ono ndi ana awo onse, ndiponso kwa apongozi anga mukakumana nawo. Adzukulu anu akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, ndipo bambo awo sakudziwanso.

Mukaona kuti simungathe, sindidzakusungirani chakukhosi. Koma mundiimbire ine ndekha Loweruka, kuti ndisadzamvere pamodzi ndi ana.

Ndine mwana wanu wamkazi,
Make Loya