Njinga ya adada

Lachinayi, ku Hewe. Tsiku langodutsa, mumtima muli zii.

Ndinapita ku Mzuzu kukasankhira adada njinga yamagetsi, kuti ayambenso kupita kutchalitchi. Wogulitsa anandionetsa ziwiri. Ina umangopotokola chogwirira n'kumapita ngati njinga yamoto. Inayo imakuthandiza pokhapokha ukamapalasa. Ukasiya, nayonso imasiya.

Ndinawaimbira foni. Anati, "Ine ndine mkulu wa mpingo, sindinganyamulidwe ngati thumba la chimanga. Gula yopalasayo."

Sindinawakumbutse za mwendo wakumanzere, umene sunagwirenso ntchito chidwalireni sitiroko. Ndinagula yomwe ankafunayo.

Nditafika nayo, anasisita chishalo nati, "Yewo chomene, mwana wane. Ndiyesa mawa."

Amama aifunditsa chitenje kuti isalowe fumbi. Batire ndatchaja ndithu, yadzaza.